Pini ya Geti la Sipeya

Sipeya ya galimoto yathu, tayala losinthira lija, inkakhala pansi, kunsi kwa bodi, yopachikidwa ndi tcheni. Kuti uitsitse umalowetsa chitsulo pa kabowo ka kumbuyo n'kumapukusa. Tchenicho chinachita dzimbiri. Mkazi wanga anandiuza katatu kuti ndichikonze. Katatu konseko ndinati, "Ndikabwera."

Ine matako anga sagwirizana ndi mpando. Ndinabadwira m'tauni, koma m'tauni ndimabanika. Ntchito yanga ndi yoika magetsi a dzuwa m'masukulu ndi m'zipatala zakutali. Ntchito ikasowa ndimapitabe.

Tsiku limenelo ndinali kutsidya kwa malire, pa galimoto ya anzanga. Apongozi anga aakazi anadwala mwakayakaya. Mkazi wanga anakawatenga yekha. Pobwera tayala linaphulika pa msewu wa dothi, mvula ikugwa. Analowa pansi pa galimoto. Maola awiri ali chagada m'matope, akumenya tcheni ndi mwala. Mayi ake ali pa mpando wa kumbuyo, akupumira m'mwamba. Iye ndi namwino. Ankadziwa tanthauzo la kupuma koteroko. Kuchipatala anangofikira kulandira pepala la imfa.

Kuyambira pamenepo nyumba yathu inazizira. Sanandikalipire. Bola akanatero. Akaphika ndinkadya. Ndikafunsa ankayankha. Basi. Chaka chinatha choncho, ine ndikufunafuna polowera kuti mkazi wanga abwerere kwa ine.

Ndiye tsiku lina m'mawa, akutsuka kapu, anati, "Sipeya ija ichoke pansi paja."

"Lero lomwe," ndinatero.

"Mupite kwa achimwene. Akudziwa."

Galimotoyo ndi yake, anamusiyira bambo ake, koma woyenda nayo kwambiri ndinali ine. Ndinaganiza kuti tsopano akufuna tiziyendera limodzi. Ife awiri, msewu wautali, iye atagona pa mpando wa pambali monga kale. Ndinaganiza kuti wandikhululukira.

Alamu anga ndi owotcherera zitsulo. Shedi yawo ndi ya malata, kuseri kwa ogulitsa matayala akale. Pansi pakuda bii ndi oilo. Wailesi yopanda chivindikiro pa shelefu. Fungo la chitsulo chopsa.

"A Ndikabwera afika," anatero, magalasi akuda ali pamphumi. "Mwasochera?"

"Ndabwera, alamu."

"Mukanatero chaka chatha." Sanaseke. Kenako anaseka pang'ono, kuti ndisagwe nazo.

Anatenga choko n'kugwada pa simenti.

"Njira zilipo zitatu. Yoyamba, kukhoma tayala pa chitseko chenichenicho cha kumbuyo. Yosavuta. Koma pa misewu yanu ija, chaka chisanathe mahinjesi agwa, chitseko mukutseka ndi bondo. Yachiwiri, kulikoleka pa chokokera ngolo. Limagwedera ngati dzino la mwana. Yachitatu ndiye ntchito. Tichotse bampala iyi, tipange yolimba, tiimange ku chasisi, chitsulo chonyamula galimoto yonse, ndi mabawuti asanu ndi atatu. Pakona tiimike chitsulo chonenepa, cha maberingi awiri. Pamenepo pazizungulira mkono wonyamula tayala. Ngati geti la pa mpanda. Mukafuna kutsegula kumbuyo, mumayamba mwakankhira geti kumbali."

"Yachitatuyo," ndinatero.

"Mwini wake anasankha kale. Ndimangokufotokozerani kuti musaoneke mlendo."

Za mbali tinagwirizana msanga. Geti lizitsegukira kutchire, osati kumsewu kumene kumadutsa malole. Pa msinkhu ndiye tinakangana.

"Likhale m'mwamba," ndinatero. "Potsikira mumtsinje lisamakhule pansi."

Alamu anatulutsa kapepala m'thumba la ovololo. Ndinazindikira kalembedwe. Tizilembo ting'onoting'ono, ta munthu wozolowera mafomu a odwala. Anakoka tepi kuchokera pansi, n'kuima pang'ono pamwamba pa lamba wanga.

"Pakati pa tayala pakhale apa. Mlongo wanga ndi wamfupi. Tayalali ndi makilo makumi atatu ndi asanu. Alikweza bwanji kufika pamutu pake?"

"Ndizikweza ine."

Alamu anayang'ana tepi yawo nthawi yaitali, ngati manambala asintha.

Mzere womaliza pa kapepalako unali ndi liwu limodzi, lodulidwa mizere iwiri kunsi. Pini.

"Ya chiyani?"

"Geti likatseguka mpaka kumapeto, mumaponya pini pa bowo, geti limaima nji. Kaya pa chitunda, kaya kuli mphepo. Popanda pini limabwerera lokha. Likakupezani mwawerama, msana mwauiwala."

"Ntchito yongowonjezera imeneyo. Wina amagwira geti, wina akutsitsa katundu. Ife ndi anzanga timatero."

"Akakhala awiri," anatero alamu.

Anatsitsa magalasi akuda aja n'kuyatsa makina. Ndinamva zimene ananena. Ndinasankha kusazimva.

Ntchito inatenga masiku anayi. Ndinakhala pa shedipo onsewo, kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Ndinagwirizira zitsulo. Ndinapala. Ndinapenta. Nambala ya galimoto inabisika ndi tayala, ndiye tinaisunthira pa mkono, ndipo mawaya a kanyale kake ndinalumikiza ndekha. Pamenepo pokha alamu anati, "Kani pali chimene mumadziwa."

Tsiku lachiwiri anadula tcheni chakale chija. Galayinda, chodulira zitsulo chija, inalira kamodzi. Tcheni chinagwa pansi, sipeya n'kutsatira. Sizinatenge nthawi yoti munthu n'kumeza malovu. Mayi amene anapumira m'mwamba pa mpando wa kumbuyo uja anali mayi awonso. Alamu anakankhira tchenicho kunsi kwa benchi ndi nsapato. Anapita kukaima panja, msana ataulozetsa kwa ine.

Lachisanu masana mkazi wanga anabwera pochokera kuntchito, ali m'yunifolomu yoyera. Anazungulira galimoto kamodzi. Anagwedeza tayala ndi manja awiri. Silinasunthe.

"Makiyi," anatero.

Kuseri kwa shedi kuli msewu wokwera ku thanki ya madzi. Wotsetsereka, wa miyala. Anakwera mpaka pakati, anatembenuza, n'kuimika galimoto mphuno italoza kumunsi. Poipa penipeni, pamene geti limafuna kudzitsekera lokha. Ine ndi alamu tinatsatira wapansi.

Anaika mwala ku tayala la kutsogolo. Anayang'ana wotchi yake ya pachifuwa, ija amawerengera kugunda kwa mtima. Anatsegula loko. Anakankha geti ndi phewa mpaka kumapeto. Anaponya pini. Kwe. Geti linaima.

Anatulutsa jeke ndi sipanala. Anamasula manati a sipeya, naikokera pa bondo, naitsetsereka mpaka pansi. Inatsala pang'ono kumupulumuka. Ndinathamangira.

"Musandigwirire."

"Ikuvulazani."

"Ndati musandigwirire, bambo."

Ndinabwerera. Manja ndinasowa powaika. Anakweza galimoto. Anachotsa tayala labwinobwino la kumbuyo, naika sipeya. Anamanga manati modumphitsa, limodzi uku lina uko, monga anamuphunzitsira bambo ake. Kukweza tayala lina lija pa geti kunamuvuta. Kawiri linabwerera. Kachitatu analiika pa bondo, anagwira mpweya, linalowa. Yunifolomu inali itada kutsogolo konse.

Anayang'ananso wotchi.

"Mphindi makumi awiri ndi ziwiri," anatero. Sankauza ine. Sankauza alamu. "Amayi akanafika."

Alamu anavula chipewa n'kumachipinda m'manja.

Mkazi wanga anapukuta manja pa nsanza, chala chimodzichimodzi. Kenako anandiyang'ana m'maso, koyamba m'chaka chathunthu.

"Andipatsa malo ku chipatala cha kumapiri. Msewu wake ndi woipa kuposa uno. Ndinyamuka Lolemba."

"Chabwino. Ndilongedza. Magetsi a dzuwa amafunika kulikonse."

"Ndipita ndekha."

"Mpaka liti?"

"Sindinena kuti ndikabwera. Mawu amenewo ndi anu."

Ndinalankhula zambiri. Kuti ndasintha. Kuti maulendo ndasiya. Kuti masiku anayi ndakhala malo amodzi, afunseni alamu.

"Anayi athunthu," anatero alamu, maso ali pansi. "Mpando wanga mpaka wadabwa."

"Ndikudziwa," anatero mkazi wanga. "Mwayesetsa. Ndipo si inu nokha. Inenso ndikanatha kubwera nayo kwa achimwene kuno, miyendo ndinali nayo. Ndimadziuza zimenezo tsiku lililonse. Koma amene ndimadzuka n'kumuona ndi inu. Ndikakuonani ndimamva matope kumsana. Ndatopa nako kuzizidwa."

Anazula pini, anatseka geti, anakwera. Anandidikira kuti ndikwere. Tinabwerera kunyumba.

Lamlungu masana analongedza m'makatoni. Mabuku a unamwino. Mapoto awiri, atatu n'kundisiyira. Chithunzi cha mayi ake. Ine ndinatuluka panja, ndinazungulira kumbuyo kwa galimoto. Pini inali pa kachikho kake pa bampala. Chitsulo chonenepa ngati chala chamanthu, champhete kumutu. Ndinaiika m'thumba.

Sindinganene kuti ndinali ndi nzeru. Ndinkangoti akaona geti likubwerera, akumbukira kuti ntchito zina n'za anthu awiri. Munthu womira amagwira ndi thovu lomwe.

Bwalo lathu ndi lopendekeka. Lolemba m'mawa anatsegula geti la sipeya, anapapasa pa kachikho. Panalibe kanthu. Geti linayamba kubwerera pang'onopang'ono. Analiletsa ndi chiuno, katoni ili m'manja.

Ndinaligwira.

Analowa m'nyumba, anatuluka ndi katoni ina. Ndinagwirabe. Anasanja, anasuntha, anabwereranso. Podutsa phewa lake linkakhudza mkono wanga. Fungo la sopo wake. Kamodzi anati, "Kankhirani pang'ono," ndipo ndinakankhira. Kamodzi ndinati, "Matiresi akhale pansi," ndipo anandimvera. Ndinalakalaka makatoniwo akanakhala zana. Analipo asanu ndi awiri.

Anatseka chitseko. Ndinasiya geti, analikankha, loko inagwira. Kenako anatambasula dzanja chagada, maso ali kwina.

"Pini."

"Mwina yagwa panjira."

"Thumba lanu lakumanja likulendewera kuyambira dzulo. Mwagona nayo."

Ndinaima. Ndikanatha kukana. Akanapitabe. Tsiku lina, pa chitunda china, mvula ikugwa, geti likanamupeza atawerama.

"Dikirani," ndinatero.

Ndinalowa m'nyumba. M'bokosi langa la zida munali katcheni katsopano, kosachita dzimbiri, kamene ndimamangira zivindikiro za mabatire. Ndinadula kotalika ngati mkono. Mbali imodzi ndinakoleka pa mphete ya pini, inayo pa bampala. Ndinafinya ndi pulayala mpaka manja kuwawa. Ndinatsegula geti, ndinaponya pini. Kwe. Katcheni kanafika bwinobwino.

"Kuti isatayike," ndinatero. "Ndiponso kuti munthu asaibe."

Milomo yake inagwedera, ngati afuna kuseka. Sikunali kuseka.

"Muziipaka girizi mwezi uliwonse. Maberingi omwe. Mabawuti mukawalimbitsenso mukafika, chitsulo chatsopano chimakhazikika panjira."

"Achimwene andiuza."

"Sipeya muziipima mpweya. Anthu amaiwala."

"Ndamva, bambo."

Anandigwira padzanja, pomwe panali pa mafuta, kanthawi kochepa. Anakwera. Ndinamutsegulira geti la mpanda.

Msewu wathu uli ndi maenje atatu akuluakulu usanafike pokhota. Ndimawadziwa ngati abale anga. Nkhope yake sindinaionenso, galasi la kumbuyo linali litatsekeka ndi makatoni. Ndinayang'ana tayala. Dzenje loyamba. Lachiwiri. Pa lachitatu galimoto inadumpha ndithu, koma tayala silinagwedere ngakhale pang'ono.

Tinamanga bwino.

Masana anzanga anaimba foni. Ulendo ulipo Lachitatu, malo alipo. Ndinati ndiwayankha. Pabwalo, pamene inkaima galimoto, pali malo ouma amakona anayi ndi kadontho ka oilo pakati. Ndinatulutsa mpando, n'kukhala pomwepo.