Mizu Yokhuthulidwa Panjira

Luo Shufen anatsanulira mankhwala akuda bii m'mbale n'kupatsa mwamuna wake, Tan Deming, amene chifuwa chinamugoneka chiyambire nyengo yozizira. Sing'anga Pei anali atamugwira pamkono ndi zala zitatu, kumuyang'ana lilime, n'kunena kuti kuzizira kwamanga msasa m'mapapo. Anawapatsa mizu, makungwa ndi makoko ouma a manachesi kuti aziwiritsa mumphika wadothi. Mankhwalawo ankamwa ndithu, koma chifuwa osasuntha.

"Akuwawa," Deming anadandaula.

"Imwani, bambo a Yulan. Mumafuna akome ngati msuzi wa bakha?"

M'mawa umenewo Shufen zotsalira mumphika sanazitaye kudzala. Anachita zimene amayi ake ankachita: anakazikhuthula pakati pa kanjira ka kutsogolo kwa nyumba, kuti wodutsa apondepo n'kunyamula matendawo kupita nawo kutali. Ankadziwa kuti sing'anga Pei angamuseke, koma ankaopa kutsala wamasiye, ndipo manthawo anamuchotsa manyazi.

Kenako anaima pawindo. Anakhala pansi, anadzuka, anapukuta tebulo loyera kale, n'kubwereranso pawindo. Koma anthu a m'kanjira kameneka si ana. Wogulitsa tofu, chakudya chopangidwa ndi soya, anakhotetsa njinga yake ngati waona njoka. Mayi Gong, a nyumba yoyandikana nayo, anadutsa chokhulana ndi khoma.

"Shufen! Chifuwa cha amuna akocho ukufuna chikagone kwanga? Anga nyamakazi yawakwana kale!"

Ngakhale galu anangonunkhiza n'kulambalala.

"Wapondapo munthu?" Deming anafunsa ali wefuwefu.

"Gonani inu."

Shufen anapsa mtima ndi tauni yonse. Ankafuna mlendo, munthu wosamudziwa dzina, wa mapapo olimba, woyenda maso ali pafoni. Anapempheradi kuti wotero abwere.

Ndipo anabweradi, maso ali pafoni, akukoka chikwama cha mateyala. Anali Yulan, mwana wawo mmodzi yekhayo, wobwera kuchokera kumzinda wa Chengdu osanena, pathupi patakula. Iye za miyambo yakale analibe nazo ntchito, ndipo mulu wakudawo ankaulunjika.

Shufen anatuluka chothamanga, patapata imodzi n'kutsala pakhomo.

"Yulan! Ima pomwepo!"

Yulan anakweza mutu, anamwetulira, n'kuyamba kufulumira kuti akakumbatire mayi ake. Nthawi yotenga tsache panalibe. Shufen anafika poyamba. Anaima pamuluwo ndi mapazi onse awiri, anaponda, anapondanso, mizu yofunda ikufinyikira pakati pa zala za phazi lopanda nsapato, mpaka panalibe malo oti wina n'kupondapo.

"Amayi, mukuchita chiyani? Mutu uli bwinobwino?"

"Dzera uko, kukhoma. Usandikhudze kaye."

"Koma ndabwera kudzaona..."

"Ndati kukhoma, mwana iwe!"

Yulan anadzera kukhoma. Mayi Gong anali pakhomo pawo, dzanja lili pakamwa.

M'nyumba Deming anatsokomolanso. Shufen anamvetsera ali chiimire pamizu paja, ndipo anamva kukhosi kwake kukuyamba kuyabwa. Anachita mantha kwambiri, komanso anasangalala.

"Lowa ukawaone bambo ako," anauza Yulan. "Uwauze kuti wapondapo munthu."