Makina Odikira Alendo

Mkulu wa labu ya pachipatala anamulakwira kalipentala chaka chatha nthawi ya mvula, mwezi umene mwana wamkazi wa kalipentalayo anabereka mwana wamwamuna.

Makina atsopano oyezera magazi kalipentala ankawadziwa. Ndi iye amene anakhoma tebulo lake, m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde la chipatala. Akupala matabwa anamva anyamata a mulabu akuwatama makinawo, ati ukathiramo timagazi ta khanda, tsiku lomwelo akuuza kachilombo kamene kalowa m'magazimo. Iye anangoti, "Tiona," poti zotamidwa zambiri anaziona zikuchita dzimbiri.

Khandalo litatha masiku ochepa linasiya kuyamwa. Thupi linali moto, kulira ngati kamphaka. Dokotala, mtsikana wa maso otopa, anati m'magazi mwalowa tizilombo, koma kuti adziwe mtundu wake ayenera kusunga magaziwo m'botolo mpaka tizilomboto tichulukane.

"Mpaka liti?" anafunsa kalipentala.

"Masiku angapo, bambo. Podikira timupatsa mankhwala ongoyerekeza."

"Nanga makina aja?"

Dokotala anayang'ana pansi. "Kafunseni eni ake."

Kalipentala anakapeza mkulu wa labu ali muofesi akupukuta nsapato ndi kansanza.

"Aa, amisiri! Tebulo lija layamba kugwedera?"

"Tebulo lili bwino, bwana. Amene akugwedera ndi mdzukulu wanga. Tamuyezereni magazi pamakina paja."

"Sanatsegulidwe amene aja."

"Ine ndinawaona akuyaka. Anyamata anu anawayesa ine ndili pomwepo."

"Kuyesa n'kwina, kutsegulira n'kwina. Amene anatipatsa makinawo akubwera kudzadula riboni. Akapeza tawayamba kale, ine ndiika kuti nkhope? Ndinu aakulu inu, mukudziwa kuti wapakhomo sayamba kudya alendo asanakhale pansi."

"Mwanatu sakuyamwa, bwana."

"Adokotala alipo. Asiyireni ntchito yawo."

Kalipentala anaima pakhondepo, chipewa chili m'manja, mpaka mawondo anayamba kuwawa. Pagalasi la chitseko ankawaona makinawo atafunditsidwa pulasitiki. Atabwerera kuwodi, mwana wake anakweza maso.

"Ati bwanji, ababa?"

"Ati tidikire."

Anadikiradi. Botolo litapereka yankho, zinadziwika kuti kachilomboko mankhwala oyerekeza aja sikankawamva n'komwe. Anasintha mankhwala, khanda linapulumuka, koma matenda anali atafika kale kumutu.

Alendo anabwera sabata yotsatira. Makonde anakolopedwa, riboni inadulidwa, anthu anaomba m'manja. Akuti makinawo amagwira bwino ntchito, ndipo ana ambiri apulumukirapo. Kalipentala satsutsa.

Mdzukulu wake tsopano akukwawa. Amakonda kukhala pakhomo pa shedi ya agogo ake n'kumaseweretsa zopalapala za matabwa. Nyundo ikagwa kumbuyo kwake satembenuka. Mayi ake amamuitanabe mokweza, kenako n'kupita kukamugwira paphewa.

Mkulu wa labu anakwezedwa pantchito. Kunyumba kwa kalipentala sanapondeko.