Nsapato zopanda Muu

Zonsezi zinayamba ndi pakamwa pa wogulitsa nsapato. Munthuyo ankangotamanda malonda ake, ndipo pomuveka Kadona kansapato kofiira anati ichi n'chikopa cha ng'ombe chenicheni, osati zinazi. Kadona, mwana wosakwana zaka zitatu, anali ndi chidole chansalu cha ng'ombe chimene ankagona nacho, dzina lake Muu. Anayang'ana kansapato, nayang'ana chidole chili m'khwapa, n'kufunsa bambo ake ngati Muu ali m'nsapatomo. Bambowo, osadziwa kuti akuputa mavu, anayankha kuti inde, koma ng'ombe ina. Kuyambira tsikulo mwana anakana nsapato kwamtuwagalu, ngakhale zakale zomwe.

Ikanakhala nkhani yongoseka, koma kusukulu ya mkaka anali atanena kale kuti salandira mwana wopanda nsapato. Mayi ake ankayamba ntchito Lolemba, ntchito imene anaidikira mpaka kutsala pang'ono kutaya mtima. Bambo ake ndi wokonza mafiriji, sangabereke mwana kumbuyo uku akusenza makina. Mwana akapanda kuvala nsapato, ntchito ya mayiyo inali itapita.

Mayiyo sanazungulire. Anati agule zilizonse, amuuze mwanayo kuti n'zapulasitiki, basi. Mwamuna wake anavomera ndi mutu wokha. Paja munthu ameneyu sangaone wailesi osaitsegula kumbuyo, ndipo funso la mwanayo linali litamulowa kale: kodi m'nsapato mumakhala chiyani kwenikweni? Zaka zonsezi wakhala akuponda zinthu zimene sazidziwa.

Loweruka ananyamula mwana paphewa, timapazi tili lendelende, n'kulowa m'tauni. M'sitolo yoyamba anafunsa nsapato zopanda nyama. Mayi wa pakauntala anaseka mpaka kugwira tebulo, n'kumufunsa ngati akufuna kukaziphika. M'sitolo yachiwiri anakonza mawu, anati zopanda chikopa, ndipo anamupatsa zansalu. Atalowetsa chala anapeza kuti kansalu kali kunja kokha, popondapo m'kati n'chikopa. Safunsa anadya phula.

Mayi wina wokoma mtima, wa sitolo ya zovala za ana, ndiye anamuonetsa kapepala komata kunsi kwa nsapato. Kachizindikiro kooneka ngati chikopa choyanika ndiye kuti n'chikopa, kooneka ngati mphasa yolukidwa ndi nsalu, ka ngodya zinayi ndi zopanga m'fakitale. Anawonjezanso kuti guluu wina amapangidwa ndi mafupa, ubweya wofunda wa m'kati ungakhale wa nkhosa. Bamboyo anachita kukamwa yasa. Chisangalalo chinamugwira ngati tsiku limene anatsegula firiji koyamba. Anayamba kutembenuza nsapato iliyonse, kuinunkhiza, kuikanda ndi chikhadabo, mpaka mlonda wa sitolo ina anayamba kumutsatira pambuyo. Pa nsapato iliyonse Kadona ankaweramira kukhutu kwake ndi funso limodzi lomwelo lakuti muli Muu kapena ayi.

Dzuwa litapendeka, chisangalalo chija chinatha. Zopanda chikopa zinalipo, koma zazikulu, ndipo zomukwana zonse zinali ndi kachikopa penapake. Phewa linkawawa, mwana anali ndi njala, masitolo anayamba kutsitsa zitseko zachitsulo. Mkazi wake anaimba foni, mawu ali otopa, kufunsa ngati angowauza abwana kuti apeze munthu wina. Mtima wa bamboyo unawawa kwambiri.

Mpamene analowa m'kasitolo kopapatiza, ka galasi long'aluka, n'kupezamo nsapato zabuluu zokongola zedi, saizi yeniyeni. Anatembenuza. Kachikopa koyanika kaja. Mwini sitolo, atamva nkhani yonse, anamatula kapepalako ndi chala, nakaponya pansi pa kauntala.

"Achimwene, musadzivute," anatero monong'ona. "Mwana adziwa bwanji?"

Zinali zoona, sakanadziwa. Bamboyo anamukhazika Kadona pampando, nagwada, nsapato ili m'manja.

"Adadi, muli Muu?"

Anatsegula pakamwa, bodza lili kale palilime. Koma anaona kuti mwanayo sakuyang'ana nsapato n'komwe. Tsiku lonse sanaiyang'ane nsapato ina iliyonse, ankangoyang'ana pakamwa pa bambo ake.

"Alimo, mwanawe," anatero.

Mwini sitolo anapukusa mutu, n'kunena kuti ana amasiku ano akulera makolo awo. Komabe pomwe ankatuluka anawalozera kuseri kwa msewu, kumene kuli sitolo ya zamasewera, kuti mwina kumeneko.

Anaipeza akusesa. Pansi pa shelefu, kuseri kwa mipira, panali tinsapato tansalu ta mtundu wosadziwika bwino, kaya wachikasu kaya wobiriwira, popondera pake pa mphira. Sitinali tokongola ngakhale pang'ono. Anatembenuza, nawerenga kapepala, nalowetsa chala, nanunkhiza, nawerenganso bokosi mbali zonse. Za guluu anafunsa mtsikana wosesayo, ndipo iye anamuonetsa pamene fakitale inalemba kuti mulibe kanthu kochokera ku nyama.

Kadona anafunsa funso lake lija, maso ali pakamwa pa bambo ake.

"Mulibe."

Pompo mwana anatambasula mwendo, osafunsanso kachiwiri, osasuzumira m'kati. Bamboyo anamumanga zingwe. Anachita mantha poona mmene mawu ake amodzi analemerera, ndi mmene anatsalira pang'ono kuwagulitsa.

Panja Kadona anakana kunyamulidwa. Ankayenda akuponda mwamphamvu kuti amve kulira kwa mphira, bambo ake akuimbira mkazi wake kuti Lolemba ayambe ntchito. Atangodula foni anaona mwana waima, akuyang'ana nsapato za bambo akewo zakuntchito, zakuda, zokhakhala, zong'aluka kutsogolo.

"Nanga zanu, adadi?"

Bamboyo anaziyang'ana. "Alimo."

 Mwanayo ananjuta pakati pa njira, anthu akumulambalala, nasisita nsapato ya kumanja, nasisitanso ya kumanzere, n'kunong'ona kuti pepa. Atadzuka anagwira chala cha bambo ake, nawauza kuti aziponda pang'onopang'ono.