Bwalo la Everlyn ku Katondo

Kabwe unali thengo mpaka azungu atanunkhiza mtovu pansi pake. Unabwera mgodi, inabwera njanji, kenako anthu a kum'mawa ndi timitolo tawo. Mmodzi wa iwo anali bambo ake a Everlyn, a Aleck a ku Katete, amene anakumba zaka makumi awiri nkumanga kanyumba m'komboni ya Katondo. Mgodi unatsekedwa mu 1994, eni ake napita osatsanzika, koma fumbi lawo anatisiyira lonse.

A Aleck anasiyira mwana wawo nyumba ndi lamulo limodzi: udzu pakhomo ndi wa alesi, ndipo umaitana njoka. Everlyn analigwira lamuloli kuposa katekisimu. Ankasesa mmawa ndi madzulo, bwalo lili mbee, moti amayi anzake a chigwirizano ankamuseka kuti tsiku lina adzasesa mpaka maziko a nyumba. Iye ankamva kukoma.

Chinkamudya mtima ndi mwana wake Tinenenji. Zaka zisanu ndi ziwiri, giredi wanu kawiri, dzina lake lomwe osatha kulemba. Ukamutuma mchere, ankabwera ndi manja okha. Everlyn anati ndi ulesi basi, ndipo mankhwala a ulesi ankawadziwa: anamupatsa tsache kuti madzulo alionse bwalo ndi lake. Akaiwala, kamkwapulo ka pichesi kankamukumbutsa. Ankaiwala kawirikawiri.

Mu Ogasiti, mphepo ya fumbi ili pachimake, a chipatala anayeza magazi a ana a m'komboni. Lachinayi lake Everlyn anapita yekha kukamva zotsatira. Nesi anayang'ana pepala, nkuyang'ana iye.

"Amake Tine, pa yadi panu pali mauzu?"

"Olo kamozi, sista!" anayankha monyada. "Timapyanga kuseni na mumazulo."

"Mulekeletu. Ledi, uja mtovu wa ku mugodi, ili mu doti, mukapyanga mwana amaipema pamozi na fumbi. Mumagazi mwake yapaka maningi, ndiye yamuononga nzelu. Shangani mauzu yamele pa yadi ponse, muzitila manzi."

Everlyn anakumbukira mizere ya mkwapulo pa timiyendo ta mwana wake.

"Manje nzelu zake zizabwelela?"

"Mankwala yazachosako ledi mumagazi," anatero nesi motsitsa mawu. "Koma vamene vinaonongeka kudala, sinizakunamani amai."

Anabwerera wapansi, osaona ngakhale omwe ankamupatsa moni pamsika. Ankangofuna kukafika, kumunyamula mwanayo, kumupepesa, ngakhale sankadziwa kuti mwana amapepesedwa bwanji.

Atakhota pa mpanda anaona fumbi likukwera pakhomo pake. Mkati mwa fumbimo munali Tinenenji, atawerama, tsache lili m'manja, nsidze ndi milomo zili mbuu. Mwanayo anadzuka, nkutsokomola, nkumwetulira mwamantha.

"Amami, onani! Lelo sinaibale."