Mizere Iwiri ya pa Mwala wa Clarissa

Ezron anazimitsa makina ozokotera, nakweza magalasi ake a fumbi pamphumi, n'kuloza mwala wakuda umene unatsamira khoma la shedi. Dzina linalipo kale: Clarissa Chibuye. Tsiku lobadwa ndi lomwalira analiponso. Pansi pake panali pasee, popanda ngakhale kadontho.

"Ba ticha, lelo ni pa Mande, kuvundukula mwala ni pa Satade. Simenti ifuna masiku yabili kuti igwile. Ngati pa Wenizide masana simunanipase mau, nizalemba namba folo."

"Namba folo ndiye chani?"

Ezron anatulutsa pepala lokutidwa ndi pulasitiki, la mawu okonzeratu amene ankaonetsa anthu obwera chimanjamanja. "Iyi apa. Rest in peace till we meet again. Bantu baikonda maningi."

A Sanford Chibuye anachita tsinya. "Pa manda ya mkazi wanga? Mau yamene yali pa manda ya aliyense?"

"Nanga nichite bwanji? Zoona woumba mbiya adyela mu phale. Miyala ya bantu bena mau munali kunipasa mailo yake, koma wa ba mayo wankala pano miyezi ibili."

Ezron anali wophunzira wa a Chibuye zaka zakale, ndipo kunyozedwa ndi munthu amene unamuphunzitsa kugwira pensulo kumawawa kawiri.

A Chibuye anali mphunzitsi wa Chingerezi wopuma pantchito, koma dera lonse linkawadziwa ndi ntchito ina. Kuyambira ku Chalimbana mpaka ku Kanakantapa, banja lofuna mizere iwiri ya Chingerezi pamwala wa m'bale wawo linkapita kwa iwo. Kachitidwe kawo kanali kamodzi ndipo sikankasintha. Ankauza ofedwa kuti akakhale pansi asankhe liwu limodzi lomuyenera malemuyo. Liwulo linkakhala kumapeto a mzere woyamba, ndipo iwo ankalipezera linzake lomveka chimodzimodzi loti litseke mzere wachiwiri. Anali ndi buku lachikuto cholimba lodzaza ndi maraimu oterewa, tsamba lililonse logawidwa pakati. Kumanzere, ndi inki yabuluu, kunali mawu ofanana ndendende, monga land ndi hand, amene iwo ankawatcha mapasa. Kumanja, ndi inki yofiira, kunali ongoyandikirana, amene ankawatcha asuweni, kapena kuti makazeni. Asuweniwo ankawalemba kuti azidziwa owapewa. Pa miyala yonse imene analembapo panalibe msuweni ndi mmodzi yemwe, ndipo ankazinena zimenezi pena paliponse ngakhale asanafunsidwe.

Chaka chitatha chimwalirire akazi awo, a Chibuye anatsata lamulo lawo lomwe. Anauza ana kuti asankhe liwu. Anawo anakumana, ndipo woyamba kubadwa, Lushomo, anatumiza uthenga wa liwu limodzi: patience, kuleza mtima. A Chibuye anatsegula buku akumwetulira. Kumanzere kwa tsambalo kunalibe kanthu, ndipo miyezi iwiri inadutsa kukali kopanda kanthu.

Atachoka kwa Ezron anakwera minibasi ya ku Silverest. Lushomo ankagwira ntchito mu ofesi ya boma ku Lusaka, koma sabata imeneyo anali atatenga tchuthi. Anamupeza pakhonde akudula nsalu yoti abale adzavale Loweruka.

"Ba Dadi, mwapeleka mau?"

"Nabwela pa nkani yamene iyo. Liu lija lilibe munzake."

Lushomo anaika sizasi pansi n'kutenga foni. "Lekani tifunse apa, ni vinthu va miniti imozi."

"Chalaka bakha nkuku singatole," anatero a Chibuye, koma anasendeza mpando pafupi.

Lushomo anawerenga. "Nations. Stations. Relations."

"Makazeni yonse ayo. Imva kumapeto, lina likutha na s, lina na z. Futi nizalemba chani, ati ba mai bako banali kukonda masiteshoni?"

"Pali na impatience."

"Ilo ni liu lamene lija, langovala jekete."

"Olo litavala jekete, ilo ni lanu, ba Dadi. Silingapite pa mwala wa ba Mami."

A Chibuye anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wobwera kudzapempha. Kenako anatulutsa kapepala m'thumba la shati. Anali atalemba kale mizere ina, yotha ndi grace ndi place, yonena za mayi wachisomo amene wapita kumalo abwino. Inali yosalala bwino, mapasa enieni.

"Sinthani chabe liu. Grace ni liu labwino, la mu Baibo."

Lushomo anawerenga n'kuwabwezera. "Ni yabwino. Mungaipase aliyense."

"Olo niike patience pakati pa laini, kumapeto niike lina."

"Ba Abson banakupemphani vamene ivo pa mwala wa mwana wabo. Munakana. Munakamba ati liu la banja silibisika pakati monga munthu wa ngongole."

Zinali zoona, ndipo a Chibuye anadana nako kukumbukira kwa mwana wawoyo. Anafunsa mokweza mawu kuti pa mawu onse a m'dikishonale, chifukwa chiyani anawo anasankha limeneli.

Lushomo anatenganso sizasi, nayamba kudula uku akuyankhula, osawayang'ana. "Tinankala tonse folo, aliyense analemba pa kapepa kake. Tonse tinalemba liu limozi. Mukumbuka vakudya vinali kuzizila pa tebo imwe muli mu buku? Ba Mami sibanali kudya mpaka musilize. Na siku ija mutu unayamba, banavala kuti mubapeleke ku kiliniki naini awazi kuseni. Munakamba ati lindila, nisilize laini imozi. Banankala pa mpando na chikwama pa myendo mpaka fotini awazi masana."

"Ufuna kukamba kuti nine nina..."

"Iyayi. Ba dokota banakamba kuti olo sembe tinafika kuseni, vinali vimozimozi. Nikamba chabe kuti banalindila. Ndiye liu labo."

A Chibuye anakana tiyi. M'minibasi yobwerera anakhala kumpando wakumbuyo, atakwiya ndi mwana wawo, ndi Ezron, ndi Angerezi amene anapanga liwu n'kulisiya lopanda mnzake. Manyazi anabwera pambuyo pake, atatsika kale, ali pa kanjira kopita kupuloti yawo.

Lachiwiri anadzuka m'mawa n'kukhala pakhonde ndi buku ndi madikishonale awiri. Anayesa njira yawo yakale yoyenda ndi afabeti, kuika chilembo chilichonse kutsogolo kwa liwu kuti amve ngati patuluke kanthu. Anafika ku z kawiri. Nkhuku zinalowa m'dimba la repu iwo akuziona, osadzuka. Dzuwa litafika pamutu anali atalemba mzere woyamba wokha, ndipo unawakomera: You taught this house your patience. Munaphunzitsa nyumba ino kuleza mtima kwanu.

"Amake Lushomo, imvani iyi," anaitana, nkhope ili m'buku.

Umu ndi momwe ankagwirira ntchito zaka zonsezo, ngakhale sanauzepo munthu. Mzere uliwonse unkayamba wadutsa m'khutu la Clarissa. Mayiyo Chingerezi ankachidziwa chapatalipatali, cha kuchipatala ndi kutchalitchi, koma ankasiya chimene akuchita, n'kupukuta manja, n'kuima pakhomo. Ankangoti "yakoma" kapena "bwelezani". Akati bwelezani, a Chibuye ankadziwa kuti mzerewo ngwopunduka.

Anadikira. M'nyumba munali zii. Anakhala choncho nthawi yaitali ndithu, cholembera chili m'mwamba, ndipo chisoni chimene anachizemba chaka chathunthu potanganidwa ndi za maliro, za penshoni ndi za mwala chinawapeza pampando pomwepo. Analira pang'ono, mosadziwa kulira bwino.

Munthu amene waitana mayina m'kalasi zaka makumi atatu amadziwa chimene amalemba akaitana dzina popanda woyankha. Dzanja linalemba lokha liwulo: absence, kusakhalapo. Mzere wonse unatsatira osavuta. Now we must learn your absence. Tsopano tiphunzire kusowa kwanu.

Anawerenga mizere iwiriyo mokweza. Kenako, poti chizolowezi sichifa, anatsegula tsamba lija kuti aone. Liwulo linalipo, kumanja, mu inki yofiira, m'malembedwe awo omwe a zaka zapitazo. Silinali ngakhale msuweni wapafupi. Anatseka buku n'kupita kukathamangitsa nkhuku.

Lachitatu anafika kwa Ezron nthawi isanakwane, ali ndi mapepala awiri, lina m'thumba lakumanzere, lina lakumanja. Panjira yonse anali asanasankhe. Loweruka kudzabwera aphunzitsi anzawo akale, anthu amene iwo anawakonzapo Chingerezi pagulu, ndipo anthu otere saiwala. Adzaima kutsogolo kwa mwala, manja kumbuyo, milomo ikuyenda, kenako adzayang'anana. Mwala si bolodi loti mawa ufufute.

"Mwafika na mau, olo nitenge namba folo?" anafunsa Ezron.

A Chibuye anapisa dzanja kumanzere, kumene kunali grace ndi place, naligwira pepalalo kanthawi. Analisiya momwemo n'kutulutsa linalo.

Ezron anapukuta manja pa ovolosi, nawerenga chamumtima, kenako mokweza. Anabwerezanso mawu awiri akumapetowo pang'onopang'ono, akupendeketsa mutu ngati mmene ankachitira ali mwana m'kalasi.

"Ba ticha, aba ni makazeni."

"Niziba."

"Mu giledi seveni munanikwapula folo pa vinthu monga ivi. Ninalemba home na alone. Nikali kukumbuka na mutengo wamene munatyolako shamu."

"Ninakukwapula, ee. Yenze laini yabwino, futi."

Ezron anawayang'ana kuti aone ngati akuseka. Sankaseka. Iye anasiya nthabwala, natenga tepi yoyezera n'kuyamba kuwerengera malo a zilembo pamwalapo, akulemba timizere ndi choko. Atatha anaimirira, choko chili m'manja.

"Ganizani bwino, ba ticha. Makina yakangoluma, kulibe labala. Nikupaseni mpaka mailo kuseni, nizagwila nchito mwamusanga. Kapena mapasa yangapezeke. Banzanu baja bazakusekani pa Satade."

"Baleke baseke," anatero a Chibuye. "Amake Lushomo bananilindila zaka sate faivi. Sibazalindila futi raimu. Zokota."

Ezron anatsitsa magalasi n'kuyatsa makina. A Chibuye sanapite kukakwera minibasi. Anakhala pa njerwa pafupi pomwepo, fumbi la mwala likuwagwera pa nsapato ndi pa jekete, mpaka chilembo chomaliza chinalowa.