Madzi Olekeza M'khosi mwa Amayi

Amayi anga ndi afupi. Sindikunena mwachipongwe, eni ake amadziwa. Pa chithunzi cha ukwati wawo, malemu bambo anachita kukhala pampando kuti mitu ifanane.

Madzi atasefukira chaka chatha, a khonsolo anaganiza zojambula mapu osonyeza malo oopsa. Anati ulendo uno salembera mu ofesi, akufuna kumva kwa eni dera, poti mutu umodzi susenza denga. Ndiye anasonkhanitsa anthu a mumsewu mwathu m'kalasi ya pasukulu, n'kuyala chipepala chachikulu pa madesiki anayi. Aliyense ankamufunsa funso limodzi: "Madzi anakulekezani pati?" Fomu inali ndi mabokosi anayi: m'mapazi, m'mawondo, m'chiuno, m'khosi. Wa m'mapazi ndi wa m'mawondo, nyumba yake ankaipaka zobiriwira pamapupo. Wa m'chiuno, zachikasu. Wa m'khosi ankamupaka zofiira, kutanthauza kuti asamuke mvula ina isanagwe.

Bokosi lofunsa kutalika kwa woyankhayo panalibe.

Kumsonkhanoko ine kunalibe. Ndimawotcherera zitsulo m'tauni ina, ndipo tsiku la madzilo ndinalinso komweko. Nditaimba foni nthawi imeneyo amayi anangoti ali bwino, anyowa ndi matilesi okha. Za mapu anandiuza ndi mlongo wanga: nyumba yathu yafiira, yokhayokha mumsewu wonse.

Chimene chinandipsetsa mtima n'chakuti nyumbayo ndi yogundizana khoma ndi ya wometa wina amene timamutcha Mlongoti, munthu wowerama pakhomo lililonse. Iyeyo anayankha kuti m'mawondo, ndipo nyumba yake inali yobiriwira bwinobwino. Maziko amodzi, simenti ya pansi imodzi, anatsanulira limodzi ndi bambo anga.

Ndinatseka shopu, Lolemba m'mawa ndinali ku khonsolo. Ofesi ya mapu inali kumapeto kwa khonde, kupitirira chimbudzi chokhoma. Mkati munali fani yosazungulira, mapu okulungakulunga kuseri kwa chitseko, ndi mayi wina wa magalasi amene ankasenda nthochi mosafulumira.

"Mayi, ndifunse nawo," ndinatero. "Kodi madzi amasankha nyumba?"

"Ayi, bambo."

"Nanga nyumba ziwiri za khoma limodzi, ina m'khosi, ina m'mawondo, zimatheka bwanji?"

Anatambasula mapu, n'kupsinja ngodya imodzi ndi kapu. "Ife tinalemba zimene anthu ananena. Awa ndi mapu a anthu."

"Amayi anga khosi lawo lili pamene anthu ena pali chiuno."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako anakaitana abwana ake. Abwanawo anafotokoza kuti kadontho kofiirako anakaona kalekale, anakakambirana pa misonkhano iwiri, ndipo akatswiri anagwirizana kuti pansi pa nyumba yathu payenera kuti pali chitsime chakale. Ndinawapempha kuti tione madontho ena ofiira m'dera lonselo. Analipo asanu. Atatu ndinkawadziwa eni ake, ndipo mmodzi ndi telala amene amachita kutsetserekera kutsogolo kwa mpando kuti phazi lifike pa chopondera makina.

Abwana anakhosomola. Anati Lachinayi atumiza munthu ndi tepi.

Ndinafika kunyumba chifuwa chili patsogolo, koma amayi sanandiyamike. Ankasankha nyemba m'lichero, osadzutsa mutu.

"Ukuvutikiranji, mwanawe? Boma likati samuka, umasamuka."

"Nyumba anamanga bambo iyi. Sitingaisiye chifukwa cha fomu yopanda nzeru."

"Ntchito wasiyira ndani?"

Ndinene zoona, nyumbayo ndinkaikonda. Njerwa zake ndinasenza nawo ndili mwana, ndipo bambo anatsirizikira m'chipinda chakumbuyo. Komanso ndinali ndi manyazi kuti tsiku la madzi sindinalipo, ndiye ndinkafuna ndichiteko kanthu kooneka.

Lachinayi mayi wa magalasi uja anabwera ndi tepi, mapu, mapeni atatu ndi fomu yatsopano. Pakhoma panalibe chizindikiro cha madzi choti n'kuyeza, chifukwa mlongo wanga anali atapaka kale laimu. Ndiye panatsala kuyeza anthu. Mlongoti anabwera ndi lumo m'thumba la malaya, anasiya kasitomala atametedwa mbali imodzi.

Amayi anaimirira pakati pa balaza, manja m'mbali ngati akujambulitsa chiphaso. Mayi uja anagwada, anaponda tepi ndi chala, n'kuikweza mpaka pakhosi.

"Mita imodzi ndi masentimita khumi," anatero. "Pa muyezo wathu watsopano, amenewa ndi madzi a m'chiuno. Zachikasu. Simusamuka, amayi."

Ndinawomba m'manja ndekha. Mayiyo anavundukula peni yachikasu, koma anayamba wayang'ana pa fomu.

"Pali bokosi lina limene abwana awonjezera. Madziwo akukulekezani m'khosi, munaima pati?"

Amayi anayang'ana kwa ine, kenako kwa Mlongoti.

"Patebulo," anatero.

"Tebulo liti?"

"Ilo."

Mayi uja sanasinthe nkhope. Anapita pa tebulo lathu lodyera, anasuntha fulasiki, n'kuyeza kuchokera pansi. Masentimita makumi asanu ndi awiri kudza asanu. Analemba, anawonkhetsa, kenako anakweza tepi pakhoma kuti aone pamene nambalayo ikufika. Inapitirira mutu wanga.

"Nanga inu, achimwene, a m'mawondo?" anatero mayiyo kwa Mlongoti.

Mlongoti anakanda kumutu. "Ine ndinali pa mpanda wa njerwa kuseriku, ndikuthyola zitsulo za pawindo kuti ndiwatulutse amayiwa. Kusukulu kuja sanandifunse poima."

Zitsulo za pawindozo ndinawotcherera ndine, ndipo ndinkanyadira kuti palibe wakuba angazithyole.

"Amayi, munakhalapo nthawi yaitali bwanji patebulopo?"

"Kuyambira cha m'ma naini. Anandipeza dzuwa litapendeka."

"Osandiuza bwanji?"

"Ukanatani uli kutali? Ukanangolephera kudya." Anakonza mpango kumutu. "Ndipo awa ndinawaletsa kukuuza, usawakalipire. Khasu lawo linathyokera pawindo pomwepo."

Mlongoti ankayang'ana pansi, ndipo kwa iyeyo pansi ndi patali.

Mayi wa ku khonsolo anatseka peni yachikasu n'kutenga yofiira. Sanayambe kupaka. Anandiyang'ana kaye, poti ankandidziwa kuti ndine wa makani, ndipo anadikira kuti ndiyambe. Koma m'maso mwanga munkangobwera amayi ataimirira pa tebulo, chibwano m'mwamba, maola onse aja, ine ndikudya chamasana kuntchito. Ndinachita mantha amene ndinayenera kuchita chaka chatha.

Mphepo yolowera pakhomo inkapinda mapu. Ndinagwira ngodya ziwiri kuti mayiyo apake bwino. Anapaka nyumba yathu ndi ya Mlongoti yomwe, n'kunena kuti mawa abweranso kudzayeza msewu wonse.

Atapita, amayi anabwezera fulasiki pamalo pake n'kupukuta pamene tepi inakhudza.

"Ndipeza lole Loweruka," ndinatero. "Muyambe kumanga katundu. Zolemerazi tisiya."

"Zina siya," anatero amayi. "Tebuloli titenga. Silinagwedere n'komwe."