Foda ya Zolakwika

Amuna anga akhala akujambula zithunzi za maukwati kwa zaka makumi awiri. Maso awo atayamba kuchita nkhungu, sikirini ya laputopu inawachepera, moti ankaiyandikira mpaka mphuno kugunda galasi. Dokotala atawaletsa zimenezo, ndinakagula monita yaikulu ngati chitseko cha kabati, n'kubwera nayo pa takisi nditaikumbatira ngati khanda.

Tinaiika patebulo lodyera. Iwo anatulutsa madiraivi asanu osungira zithunzi m'katoni ya nsapato, iliyonse itamatidwa kapepala ka zaka zake. Laputopuyo ili ndi mabowo awiri okha a madiraivi, koma wa m'sitolo anali atandigulitsanso kabokosi kogawa bowo limodzi kukhala anayi.

Ine ndinagwirapo ntchito ya ulembi mu ofesi, choncho ndinawauza bambowo kuti akhale pansi, asakhudze kanthu. Kumva kwake kuti? Ndili chokwawa kunsi kwa tebulo kufunafuna soketi, iwo anali kalikiliki kukankha chingwe cha monita chozondoka, uku akudandaula kuti opanga laputopu analakwitsa bowo. Nditachitembenuza chinangoti lowu, monita n'kuyaka. Kenako kamuvi ka mausi kanasowa. Tinakasaka pa laputopu ponse, bambo mpaka kusuzumira pansi pa mausi, osadziwa kuti kathawira ku monita. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Madiraivi nawo anatisewera. Yachitatu ikangolowa, yoyamba inkazima. Tinasinthasintha zingwe ngati tikuluka tsitsi, mpaka ndinakumbukira kuti kabokosi kaja kali ndi pulagi yakeyake, yomwe inali ikadali m'jumbo. Nditailumikiza ku magetsi, timagetsi tisanu tinaphethira limodzi. Munthu wa imvi uja anadzambatuka n'kuyamba kuvina pabalaza atavala patapata mmodzi, ine ndikuombera m'manja ndikadali chogwada.

Zithunzi zinkatuluka zikuluzikulu, ndipo iwo ankatchula mkwatibwi aliyense ali chapatali, osatsinzina. Apo m'pamene ndinaona kuti m'diraivi iliyonse muli foda yolembedwa kuti Zolakwika. Nditafunsa, anati n'zinyalala chabe, n'kufuna kundilanda mausi. Ndinawatchinga ndi chigongono, ndinatsegula.

Munali ine. Ine ndikuyasamula paukwati wa eni. Ine nditasenza chikwama cha makamera, nkhope itakwinyika. Ine ndikukalipira woyendetsa basi, chala chili m'mwamba. Ine ndili ndi pakati pa mwana wathu woyamba, ndikubisa keke m'chikwama. Zinalipo mazanamazana, ndipo panalibe n'chimodzi chomwe chimene ndinayang'ana kamera.

"Bambo, ndiye kuti cholakwikacho ndine?"

Anakanda pamutu, maso ali kudenga. "Ayi mayi. Anthu ankandituma kujambula mkwatibwi, koma kamera inkangokhotera kwa inu. Ndikanalemba kuti chiyani?"

Ndinafuna kukwiya koma zinakanika. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo ina mwa misoziyo sinali ya kuseka. Tinakokera mipando pafupi n'kuyamba kuonera chimodzichimodzi, tikukangana za chaka ndi diresi, mpaka ndiwo zinapserera kukhitchini ndipo palibe amene anadzuka msanga.

Chimodzi chokha n'chimene sindinachilole: ndili mtulo pabenchi la muholo, kukamwa kuli yasa, nsapato zili m'manja. Pa monita ija ngakhale dzino langa lobooka linkaoneka. Ndinawauza kuti chimenecho ndikuchifufuta pompano.

Anavomera mwaulemu kwambiri, anandisonyeza ngakhale batani lake. Nditafufuta, anadikira ndimalize kupuma, kenako anandiuza kuti chilinso m'madiraivi ena atatu.